Funsani Azakhali: "Sindidya kwambiri, nanga thupili likuchokera kuti?"

Mwezi uno makalata ambiri agwera pa nkhani imodzi, ya kunenepa, moti ndangoti tiikambe kamodzi n'kamodzi. Ndasankhapo 7, maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse, ndipo ena ndawadula chifukwa anthu inu mukayamba kulemba simupuma.

Azakhali, ndine mayi wa zaka 34 ndimagwira ntchito ya mu ofesi. Zaka zinayi zapitazo ndinkalemera makilo 68 pano sikelo ikuti 82 komanso ndine wamfupi, 1.62 basi. Chomwe chikundiwawa n'choti ine sindidya kwambiri, m'mawa ndimangomwa tiyi n'kuthamanga, masana ndimagula kenakake kaya tchipisi kaya soseji ndi buledi n'kutsitsira ka dirinki kozizira, kena ndimamwa cha m'ma 3 koloko tulo tikayamba kundigwira, madzulo ndimadya ndi ana mbale wamba. Tiyi yekha nde ndimamukonda, makapu atatu patsiku shuga masupuni atatu-atatu. Masiketi onse akukana zipi. Thupili likuchokera kuti?

Achemwali, ndikukukhulupirirani kuti simudya mbale zosefukira. Koma kalata yanuyi ndaiwerenga kawiri cholembera chili m'manja, ndipo chomwe ndapeza n'choti chakudya chanu chambiri simukutafuna ayi, mukumwa.

Tiyambe ndi sikeloyo. Achipatala amagwiritsa ntchito kawerengedwe kotchedwa BMI, mumatenga makilo anu n'kugawa ndi msinkhu wanu mu mamita, yankholo n'kuligawanso ndi msinkhu womwewo. Zanu zikutuluka 31 ndi kakanthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 25 munthu wadutsa muyezo, kuyambira 30 nde kunenepa kumene amakutenga ngati vuto la zaumoyo. Ndipo musadzione ngati muli nokha, mu 2022 munthu mmodzi mwa 8 aliwonse padziko lapansi anali m'gulu limeneli, anthu oposa 1 biliyoni, ndipo kwa akuluakulu vutoli lakula kuposa kawiri kuchokera mu 1990.

Tsopano tiwerenge zakumwa. Chitini cha kola cha 330 ml chimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, masupuni a tiyi pafupifupi 9. Inu mumamwa ziwiri, 70. Tiyi wanu uja masupuni 9 patsiku, magalamu ena 36. Simunalume kalikonse koma mwadutsa kale magalamu 100, pomwe malangizo a WHO a 2015 amati wamkulu asapitirire pafupifupi 50 patsiku, ndipo akatsika mpaka 25 ndi bwino koposa. Madirinki awiri aja okha, tingowerenga masiku antchito, pachaka akukwana makilo 17 a shuga. Tayerekezani mapaketi 17 a kilo imodzi-imodzi atasanjidwa pa desiki yanu pambali pa kompyuta. Wina atakuuzani kuti idyani ndi supuni mungamuthamangitse, koma zikakhala m'madzi ozizira zimangolowa osamva. Vuto la zamadzi ndi limenelo, mimba siziwerengera ngati chakudya, sizikhalitsa, nde madzulo mumadya mbale yanu yonse ngati kuti masana simunalandire kanthu. Ngakhale juwisi wa zipatso zenizeni, malalanje atatu kusenda n'kutafuna mutopa mukhuta, koma ofinyidwa mu tambula mumagugudiza musanakhale n'komwe pansi.

Chachiwiri ndi chakudya cha masanacho. Mbatatesi yowiritsa magalamu 100 imakhala ndi makalori (muyezo wa mphamvu zomwe chakudya chimapatsa thupi) osakwana 90, yomweyo ikasanduka tchipisi imadutsa 300, chifukwa galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 pomwe ya sitachi kapena ya mapuloteni ili ndi 4. M'maso mbale ndi yaing'ono yomweyo, m'thupi ndi katatu.

Pali kafukufuku wina amene ine ndimamukonda chifukwa anathetsa makani ambiri. Mu 2019 wasayansi Kevin Hall wa ku bungwe lofufuza zaumoyo la NIH ku America anatenga anthu 20 n'kuwasunga m'chipatala milungu inayi, chilichonse chomwe akudya chikuyezedwa. Milungu iwiri ankawapatsa zakudya zokonzedweratu kufakitale, zimene akatswiri amati ultra-processed, zija za m'mapaketi ndi m'zitini zongofunika kutsegula kapena kutenthetsa, milungu iwiri inayo zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zosasinthidwa, nyama, masamba, zipatso, mbewu. Mbali zonse ziwiri anaonetsetsa kuti zomwe zaikidwa patebulo zili ndi shuga, mafuta, mchere ndi makalori ofanana, n'kuwauza kuti idyani mmene mukufunira. Pa za kufakitale anthu omwewo ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera tsiku lililonse ndipo ananenepa pafupifupi kilo imodzi, atawasinthira ku zophika kilo ija inachoka. Chodabwitsa n'choti atafunsidwa sananene kuti za kufakitale zinkakoma kuposa zinazo. Ankangozidya mwachangu basi. Ndi zofewa, sizifuna kutafuna, zimatsika uthenga wakuti "ndakhuta" usanafike ku ubongo. Palibe amene anasanduka wosusuka m'milungu iwiri, munthu ndi yemweyo, chinasintha ndi chomwe chinali m'mbale.

Nde mukandifunsa poyambira, ine ndingati musakhudze kaye mbale ya madzulo ija, ilibe mlandu waukulu. Chotsani dirinki, ikani madzi. Shuga wa mu tiyi tsitsani supuni imodzi milungu iwiri iliyonse, lilime limazolowera, pakatha miyezi iwiri tiyi wa masupuni atatu muzidzamumva ngati manyuchi. Ndipo masiku ena nyamulani chakudya chophika kunyumba mu kontena, ngakhale anzanu a mu ofesi akusekeni.

Azakhali ine ndikuona ngati mumawanyengerera anthu. Kunenepa ndi ulesi basi, anthu akale ankagwira ntchito zamanja ankayenda pansi nde panalibe zimenezi. Ineyo ndayamba jimu miyezi itatu yapitayo katatu pa wiki thukuta kamukamu, ngakhale kunena zoona sikelo sinasunthe kwenikweni koma ndikudziwa kuti ndi nkhani ya kulimbikira.

Achimwene, mwadziyankha nokha mu mzere womaliza, miyezi itatu ya thukuta sikelo ili pomwepo, ndipo inu si waulesi. Nde mwina nkhaniyi si ya ulesi yokha eti?

Sindikukana kuti moyo wasintha. Ntchito zambiri pano ndi zokhala pampando, ulendo ndi wa pagalimoto, madzulo ndi TV ndi foni, ndipo WHO inapeza kuti mu 2022 akuluakulu 31 mwa 100 aliwonse sankakwanitsa n'komwe mphindi 150 pa wiki zoyendetsa thupi zomwe amalangiza. Koma tamvani za a Hadza. Ndi anthu a kumpoto kwa Tanzania amene ena mwa iwo mpaka lero amakhalira kusaka ndi kukumba mizu, amuna ake amayenda makilomita oposa 10 patsiku. Mu 2012 Herman Pontzer ndi anzake anayeza mphamvu zomwe matupi awo amatentha patsiku, aliyense akuyembekezera kuti zituluka zambiri zedi, koma atawerengera kukula kwa thupi anapeza kuti n'zofanana ndi za anthu a m'maofesi ku America ndi ku Ulaya. Thupi ndi lochenjera, mukalitopetsa uku limapeza kwina kosungira. A Hadza sanenepa, inde, koma chachikulu chili pa zomwe zimalowa pakamwa.

Masamu ake ndi owawa. Kuyenda ndawala mphindi 30 kumatentha makalori pafupifupi 150 kwa munthu wa thupi lapakatikati, amene ndi chitini chimodzi cha dirinki. Ndipo ndimawaona anthu akutuluka mu jimu thawulo paphewa, njala itawapha, n'kuima pa shopu kugula botolo la zakumwa zija amati zobwezera mphamvu ndi paketi ya mabisiketi, eti kudzithokoza. Ola lonse lija labwezedwa mu mphindi zisanu.

Koma musasiye jimu, chonde. Mu 1953 dokotala Jerry Morris anayerekeza madalaivala a mabasi a mu London, amene ankakhala pansi tsiku lonse, ndi makondakitala amene ankakwera n'kutsika masitepe a basi, ndipo makondakitala ankadwala mtima mochepa. Kuyendetsa thupi kumateteza mtima, kumathandiza shuga ndi BP, kumasunga minofu, kumagonetsa tulo tabwino, komanso amene waonda kale kumamuthandiza kuti asabwerere. Kungoti si fosholo yochotsera zomwe mwadya. Mwinanso m'chiuno mwanu mwachepa pomwe sikelo sikuonetsa, tayesani lamba.

Zakhali, kwathu amayi ndi onenepa, agogo analinso choncho, achemwali anga onse awiri chimodzimodzi. Ine ndili ndi zaka 22 ndayamba kale kuona zizindikiro. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi amadya kuposa ine koma ali ngati ndodo. Ndivutikirenji ngati zili m'magazi?

Mwanawanga, akuluakulu anati make mbuu mwana mbuu, ndipo pa nkhani iyi asayansi akuvomereza. Mu 1986 Albert Stunkard anafufuza anthu 540 a ku Denmark amene analeredwa ndi makolo osawabereka, n'kupeza kuti matupi awo atakula ankatsata makolo owabereka, osati amene ankawaphikira. Wina, Claude Bouchard wa ku Quebec ku Canada, mu 1990 anatenga mapasa ofanana aamuna magulu 12 n'kumawadyetsa makalori 1,000 owonjezera patsiku, masiku 6 pa wiki, kwa masiku 100. Chakudya chowonjezera chofanana ndendende, koma wina ananenepa makilo 4 okha wina 13, ndipo aliyense ankayandikana ndi mapasa mnzake. Nde za mnzako wa ngati ndodoyo si ufiti, ndipo si chilungamo, ndikudziwa.

Chomwe ambiri sadziwa n'choti chibadwachi chimagwira ntchito kwambiri m'mutu, pa njala. Wina amakhuta msanga n'kuiwala za chakudya mpaka madzulo, wina wangodya kumene koma akaona keke patebulo maganizo onse ali pompo, ndipo woyambayo amadzitama kuti ndi wodziletsa pomwe sanalimbane ndi chilichonse.

Koma taganiza izi. Chibadwa cha anthu sichinasinthe kuchokera mu 1990, zaka zimenezi n'zochepa kwambiri, komabe kunenepa kwawirikiza. Pa zilumba za ku Pacific monga Nauru ndi Tonga lero akuluakulu oposa theka ndi onenepa kwambiri, magazi ndi a makolo awo omwewo, chinabwera ndi zakudya za m'zitini, ufa woyera, shuga ndi nyama zamafuta zochokera kunja, zomwe zinalowa m'malo mwa nsomba ndi zakumunda. Ngakhale kachidutswa ka chibadwa kodziwika kwambiri pa nkhaniyi, kotchedwa FTO, kamene anakapeza mu 2007, amene anakatengera kwa makolo onse awiri amangolemera makilo pafupifupi 3 kuposa anzawo. Atatu basi, osati 30. Komanso m'banja simutengerana magazi okha, mumatengerananso kukula kwa mbale, kathiridwe ka mafuta m'poto, zomwe zimakhala mu filiji.

Nde kuvutika kuli ndi phindu, makamaka kwa iweyo pa zaka 22, chifukwa kuletsa makilo kuti asabwere n'kosavuta kuyerekeza ndi kuwachotsa atakhazikika (uwerenge kalata yomaliza uone chifukwa chake). Usadziyese ndi mnzakoyo. Iye angathe kusunga mabisiketi pansi pa pilo mwezi wonse, iwe usawalowetse n'komwe m'chipinda.

Ndine namwino, ndimagwira usiku wiki ndi wiki, masana tulo timangobwera maola anayi mwina asanu ana akusokosera. Chiyambireni mashifiti amenewa ndawonjezera makilo 9. Cha m'ma 2 koloko usiku ndimamva njala yoopsa ndipo sindifuna zipatso ayi ndimafuna zotsekemera kapena zamchere za m'paketi. Kodi tulo tingachititse zimenezi kapena ndikungodzikhululukira?

Simukudzikhululukira, asisi. M'thupi muli mahomoni awiri amene amakokana pa nkhani ya njala, ghrelin amene amachokera m'mimba n'kumakuwa kuti idya, ndi leptin amene amachokera m'mafuta a m'thupi n'kumauza ubongo kuti nkhokwe ilipo, khala phee. Ku University of Chicago mu 2004 anagoneka anyamata 12 maola anayi okha kwa masiku awiri, leptin anatsika ndi 18 peresenti, ghrelin anakwera ndi 28 peresenti, ndipo zomwe ankalakalaka n'zomwe mwatchulazo, zotsekemera, zamchere, za sitachi. Masiku awiri okha, inu ndi miyezi ingati? Ku yunivesite yomweyo mu 2022 anachita zotembenuza, anathandiza anthu olemera mopitirira muyezo amene ankagona maola osakwana 6 ndi theka kuti aziwonjezera tulo ola limodzi ndi kakanthu, osawauza chilichonse cha dayeti, ndipo anayamba okha kudya makalori pafupifupi 270 ochepera patsiku.

Onjezanipo sitiresi ya ntchito yanuyo. Munthu akakhala pa mpanipani nthawi yaitali homoni ya cortisol imakhala yokwera, ndipo imakonda kukankhira mafuta pamimba, komanso munthu wotopa safuna zosenda ndi zotsuka, amafuna chong'amba n'kudya.

Shifiti sindingakuuzeni kuti musiye, ndi imene ikudyetsa anawo. Koma njala ya 2 koloko mukuidziwa kuti ibwera, nde ipezeni mutakonzeka, mazira owiritsa, mtedza wodzaza dzanja limodzi, yogati wopanda shuga, chakudya chenicheni chotsala madzulo. Khofi asiyeni maola angapo shifiti isanathe. Ndipo a kunyumba akhalitseni pansi muwauze kuti tulo tanu ta masana ndi usiku wanu, katani wakuda pawindo, foni kutali, chitseko chotseka.

Azakhali amati ukadutsa zaka 30 thupi limasiya kugaya msanga. Ine ndili ndi 38 ndipo ndili pa jakisoni wolera, chikundinenepetsa ndi chiti?

Za zaka 30 zija ndi nthano. Kafukufuku wamkulu wa mu 2021, wa anthu oposa 6,400 a m'maiko 29, anapeza kuti liwiro lomwe thupi limatenthera mphamvu limakhala pamodzimodzi kuyambira zaka 20 mpaka 60, kenaka m'pamene limayamba kutsika pang'onopang'ono. Chomwe chimasintha pa 30 ndi moyo, ntchito yokhala pansi, mimba ndi ana, tulo tochepa, kandalama kogulira zomwe kale munkangoziona, kwa ena mowa umene galamu iliyonse ili ndi makalori 7. Kilo imodzi pachaka simuiona, koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Jakisoni nde n'zotheka. Wa miyezi itatu uja wa Depo amawonjezera thupi kwa amayi ena, osati onse, ndipo amene amayamba kunenepa miyezi yoyambirira nthawi zambiri ndi amene amapitiriza. Alipo mankhwala enanso otere, prednisolone, insulin, ena a matenda a maganizo monga olanzapine, ngakhale ma ARV ena monga dolutegravir. Musasiye nokha mankhwala aliwonse chifukwa cha zomwe mwawerenga pano, pitani mukakambe ndi achipatala, njira zolera zilipo zambiri. Mukamamvanso kuzizidwa, kutopa kosatha, khungu kuuma, muwauze ayeze chithokomiro, ngakhale icho chikakhala chaulesi nthawi zambiri chimangowonjezera makilo ochepa, osati 20.

Mwana wanga wa zaka 9 wanenepa moti akumuseka kusukulu. Akaweruka amakhala ndi agogo ake amene amamupatsa chilichonse chomwe walirira, makirisipi masiwiti juwisi, amadyera pa TV ndipo agogowo amati amalize mbale. Ndikalankhula akuti ndikufuna kumuphetsa mwana ndi njala. Ndimuike pa dayeti?

Ayi amayi, mwana wa zaka 9 musamuike pa dayeti ya akuluakulu, ndipo mawu oti dayeti asawamve n'komwe. Akukula, nthawi zambiri cholinga chimakhala choti thupi liime pomwe lili msinkhu ulipeze, ndipo achipatala ali ndi matchati a ana oyezera zimenezi, BMI ya akulu ija sigwira pa iye.

Mwana wanu wabadwira m'dziko lomutchera misampha. Mu 1990 ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19 olemera mopitirira muyezo anali 8 mwa 100 aliwonse, mu 2022 anafika 20. Paketi ya makirisipi ili ndi tizithunzi ta makatuni, yaikidwa pa shelefu ya m'munsi pomwe pali maso ake, pa TV ndi pa foni akumuitanira zomwezo, ndipo anthu amene anakonza zonsezi ndi ophunzira, amalipidwa kuti mwana alire. Maiko ena anatopa nazo. Mexico inaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2014, Britain mu 2018 ndipo makampani ambiri anachepetsa okha shuga kuthawa msonkhowo, Chile mu 2016 inalamula zizindikiro zakuda zochenjeza pa mapaketi n'kuletsa makatuni pa zakudya zoterezi. Ngati maboma akuona kuti kholo palokha silingalimbane nazo, musadziimbe mlandu kwambiri.

Agogo musakangane nawo, kwa iwo kudyetsa ndi chikondi ndipo mwina anaonapo njala imene inu simunaione. Apatseni ntchito m'malo mowalanda. Musagule juwisi ndi makirisipi, siyani zipatso ndi mkaka, muwauze kuti adokotala ati izi ndi zomwe azipatsidwa, ndipo ngati n'kotheka apite nawo okha kuchipatala akamve ndi makutu awo. Za kumaliza mbale zithe, muikireni pang'ono akafuna awonjezere, chifukwa ngakhale akuluakulu ukawaikira zambiri amadya zambiri osazindikira. TV izizimitsidwa nthawi yodya. Ndipo zisinthe kwa nyumba yonse, osati iye akudya masamba abale ake akunyambita ayisikilimu. Za kusekedwazo kaonaneni ndi aphunzitsi mawa lomwe, mwana wochititsidwa manyazi saonda, amakadyera kobisika.

Azakhali ndatopa. Chaka chatha ndinadzimana koopsa ndinatsitsa makilo 15 miyezi inayi, anthu kundiyamikira, pano onse abwerera ndi ena awiri pamwamba. Ndagula tiyi wochepetsa thupi pa intaneti akungonditsegula m'mimba. Kodi ndine wolephera?

Tiyiyo tayani lero. Ambiri mwa matiyi amenewa amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba monga senna kapena okodzetsa, chomwe chikuchoka ndi madzi, mafuta ali pomwepo, ndipo mukapitiriza musokoneza matumbo ndi mchere wa m'magazi.

Wolephera ayi. Zomwe zakuchitikiranizi zimachitikira ambiri amene amaonda mwa njira yodzimana, ndipo chifukwa chake chikudziwika. Leptin uja ndamutchula pamwambapa anapezeka mu 1994 mu labu ya Jeffrey Friedman ku New York, ndipo chomwe anatiphunzitsa n'choti ubongo umalondera mafuta a m'thupi ngati mlonda wa nkhokwe. Akachepa, leptin amatsika, ubongo umaona ngati kwagwa chilala, umakweza njala n'kuchepetsa moto. Sudziwa kuti mukufuna kulowa mu diresi la ukwati. Ku Melbourne ku Australia anatsatira anthu amene anatsitsa makilo pafupifupi 13 mu milungu 10, zotsatira zinatuluka mu 2011, patatha chaka chathunthu mahomoni awo a njala anali asanabwerere m'malo, ankamvabe njala kuposa asanayambe. Ena 14 amene anaonda pa mpikisano wa pa TV ku America anawayeza patapita zaka 6, ambiri thupi linali litabwerera, koma matupi awo ankatenthabe makalori pafupifupi 500 ochepera patsiku poyerekeza ndi zoyembekezeka pa munthu wa thupi lotero. Nde inu munkalimbana ndi njala yeniyeni, pakati pa mashopu odzaza ndi zakudya zopangidwira kuti musaleke kudya, n'kumadzitukwana kuti mulibe mtima wolimba.

Majakisoni atsopano aja mukuwamva, monga semaglutide, amagwira pomwepa, amatontholetsa njala mu ubongo, ndipo pa kafukufuku wa 2021 anthu anatsika pafupifupi 15 peresenti ya thupi lawo m'milungu 68. Koma atasiya, patatha chaka magawo awiri mwa atatu a zomwe anatsitsa anali atabwerera. Ndi mankhwala a kwa dokotala, okwera mtengo, okhala ndi zovuta zake, osati ogula kwa munthu wa pa WhatsApp.

Ulendo uno musathamangire 15. Kutsitsa 5 mpaka 10 peresenti ya thupi lanu, kwa munthu wa makilo 90 ndi makilo 4 ndi theka mpaka 9, kumatsitsa kale BP ndi shuga moti adokotala amaona kusintha. Sankhani zinthu ziwiri zokha zomwe mungazichite ngakhale zaka zisanu osalira, kaya kusiya zakumwa za shuga, kaya kuphika nokha masiku ambiri ndi masamba theka la mbale, ndipo kilo ikamatsika imodzi kapena ziwiri pamwezi musanyoze. Sikelo muziikwera kamodzi pa wiki, osati m'mawa ndi madzulo. Komanso tengani chingwe, muchiyeze kutalika kwanu kuyambira kuphazi mpaka pamutu, muchidule, muchipinde pakati, kenaka muzungulize m'mimba chapamwamba pang'ono pa mchombo mutatulutsa mpweya bwinobwino, osakoka mimba. Nsonga zikakumana muli pabwino, zikapanda kukumana onani kuti patsala zala zingati, mulembe penapake, mudzayesenso mwezi wamawa. Mudzandilembere mundiuze kuti zatsala zingati.